Banki Isamve

"Ine ku banki sindiima pamzere," anatero a Raphael kunja kwa zenera. "Ndikangolowa, mlonda amachita sawasha. A manejala amatuluka okha mu ofesi. 'A Namakhwa, mwatitaya bwanji?' Tiyi wa mkaka pomwepo."

Amuna amene anakhala nawo pakhonde anavomera chapakhosi, monga amavomerera anthu amene akudikira thobwa. Eneless anamva zonse ali pamphasa m'nyumba ya siwa. Anali atakhala mlamu wa a Raphael zaka zambiri, ndipo banki yokha imene anawaonapo akulowa inali banki mkhonde ya amayi a kumpingo. Kumenekonso anawachotsa chifukwa chosabweza. Koma mkazi amene mwamuna wake waikidwa dzulo saseka, choncho anangokoka chitenje n'kufunditsa mapazi.

Mwamuna wakeyo, Amosi, mng'ono wa a Raphael, ankagulitsa nkhuni za bulugama ku fakitale ya tiyi. Anali ndi lole imodzi yolira mochita kukankha ndi buku la macheke, ndipo pa ziwirizi chimene ankachipukuta fumbi chinali bukulo. Odula mitengo, wogulitsa dizilo, ngakhale mpingo pa tsiku la zokolola, onse ankawalipira ndi cheke, ndipo cheke chilichonse chinkakhala ndi tsiku lakutsogolo. Ukamugwirira ntchito lero, ndalama yako inali ya kumapeto kwa mwezi, esiteti ikamulipira. Matenda a shuga anamugoneka m'chipatala ku Makwasa. Anamwalira Lolemba, anaikidwa Lachitatu.

Nyumba imene ankakhala inali pamalo a akuchimuna, pamene mizere ya tiyi imathera, ndipo ana analibe. Eneless ankadziwa mathero a mkazi wotero. Akadzamusudzula adzanyamula ndowa ndi zovala n'kubwerera kwawo ku Thekerani, kumene azichemwali ake anagawana kale malo a mayi awo mpaka potayira phulusa. N'chifukwa chake anamuumiriza Amosi kuti amugulire kamalo ku Goliati, kwa mayi wina wabizinesi, a Fainess. Theka la mtengo analipira kale. Theka lotsala linali pa cheke chimene a Fainess anasunga, cholembedwa tsiku la Lachisanu, ndipo Lachisanu lake linali mawa. Malata a nyumba yatsopanoyo anali kale kuchipinda, atatsamira khoma kuseri kwa bedi. Amenewo Eneless anagula yekha ndi ndalama za tomato.

Ali m'chipatala, Amosi anamukoka dzanja n'kumuuza chapansipansi: "Ndikapita, banki isamve msanga. Cheke cha a Fainess chidutse kaye. Banki ikangomva kuti munthu wafa, saini yake imafera limodzi." Amenewo anali mawu ake omaliza anzeru. Otsatira onse anali odandaula za mtengo wa dizilo.

Chitseko chinatseguka, ndipo a Raphael anaima pakhomo, osavula nsapato. Pambali pa Eneless panakhala a Jean, mlongo wa malemu, amene anapatsidwa ntchito yotonthoza wamasiye. Ntchitoyo ankaigwira maso ali pa kabati ya mbale.

"Alamu, mundipatse chiphaso cha malemu ndi kalata ya kuchipatala ija. Mawa ndikulawirira kuboma."

"Mawa lomweli, alamu?"

"Bokosi lija munaliona. La galasi. Ndalama yake ndinatenga kwa Ben wa katapila, ndipo katapila sadziwa maliro."

"Malemu anati ku banki tidikire Lolemba."

"Anauza ndani?"

"Anauza ine."

"Muli angati?"

"Tinali awiri."

"Ndiye kuti sanauze munthu," anatero a Jean.

Apa m'pamene Eneless analakwitsa. Akanatha kunena kuti kalatayo inatsala ku Makwasa. Koma anali atatopa, ndipo ankaganiza kuti munthu amene wangoponya dothi pa bokosi la mng'ono wake amakhala wofewa kwa masiku angapo. Anafotokoza zonse, za malo, za theka lotsala, za cheke cha mawa.

A Raphael anamvetsera mutu uli chopendeka, monga ankachitira kale ali kalaliki wa pasikelo, wothyola tiyi akamadandaula kuti dengu lake lapepuka.

"Malo ku Goliati," anatero. "M'dzina la ndani?"

"Langa."

"Amayi athu anafera m'nyumba yodontha," anatero a Jean, akuyang'ana kudenga. "Mwana wawo akugulira malo anthu a ku Thekerani."

"Ndipo pamalopo adzakhalapo ndani?" anafunsa a Raphael. "Mwana wa mng'ono wanga ali kuti? Mundionetse, mwina ndinamuphonya pamaliro."

Eneless anayang'ana mphasa. "Tsiku limodzi lokha, alamu. Lolemba ndidzakuperekezani ndekha."

"Inu simutuluka m'nyumba muno mpaka titameta. Kapena kwanuko mwambo munasiya?" anatero a Raphael.

A Jean anali atadzuka kale. Kumene kunali chikwama cha mapepala ankakudziwa, chifukwa anali atachitsegulapo dzulo, anthu ali kumanda.

Lachisanu kunacha ndi chiperoni. A Raphael anakwera njinga yamoto atavala jekete ya malemu, imene inali isanagawidwe koma inawakwana. Anapachikapo kansalu kakuda pachifuwa. Njira yonse, pakati pa minda ya tiyi yobiriwira mpaka kumapiri, ankayeseza chapamtima mawu achingerezi oti akayambire.

Mlonda wa pabanki sanachite sawasha. Anawauza kuti avule chipewa, n'kuwalozera mzere. Linali tsiku la malipiro, ndipo kutsogolo kwawo kunali amayi othyola tiyi, ena mwa iwo oti a Raphael anawadulapo makilogalamu. Mmodzi anawapatsa moni mokweza, n'kuwafunsa ngati nawonso abwera kudzaona ngati zalowa.

Dzuwa litakwera anawalozera pa tebulo la mtsikana wina wa kumpoto, dzina lake Suzgo. Ntchito ya Suzgo m'mawa uliwonse inali yoweruza. Kompyuta inkamutulutsira mayina a anthu amene alemba macheke oposa ndalama zimene zili mu akaunti, ndipo iye ankasankha: uyu timulipirire, uyu tibweze. Sankaona nkhope kapena mpingo wa munthu. Ankaona ngati mu akauntimo mumalowa kanthu mwezi ndi mwezi, ngati mwiniwake anabwezapo bwino m'mbuyomu, komanso kukula kwa dzenjelo. Dzina la Amosi Namakhwa linkabwera pafupipafupi ngati mvula ya ku Thyolo. Koma ndalama za esiteti sizinkalephera, choncho banki inkamulipirira, n'kudulapo kake ndalamazo zikalowa. Banki inkamukonda Amosi monga wogulitsa mowa amakondera chidakwa cholandira pamwezi.

M'mawa umenewo dzinalo linalipo. A Fainess anali atapereka cheke chawo banki itangotsegula, n'kuthamangira ku msika wa Bvumbwe. Ndalama mu akaunti zinali zoperewera monga mwa masiku onse, ndipo Suzgo anali atatsala pang'ono kuvomereza.

"Ndine mkulu wake wa Amosi Namakhwa," anatero a Raphael. Chingerezi chija chinali chitathawa. "Ndabwera pa nkhani ya akaunti yake."

Suzgo anaona kansalu kakuda. Anaona envulopu ya chidindo cha chipatala m'manja mwawo. Kenako anayang'ana pa kompyuta, pa cheke chodikiracho, ndipo anachotsa dzanja pa mabatani.

"Bambo, musanapitirize," anatero. "Za akaunti ya munthu wina sindingakuuzeni. Komanso mwaona nokha mzere wa lero. Ngati muli ndi mapepala oti mutipatse, Lolemba ndi tsiku labwino kwambiri. Ine lero sindinaone envulopu."

"Ndiye ionani." Anaiika patebulo.

"Ndikaitsegula, pali zinthu zimene sindingathenso kuchita. Mwandimva, bambo?"

"N'zimene ndabwerera. Pali cheke cha mayi wina wa ku Goliati. Chafika?"

"Sindingakuuzeni."

"Chisadutse." A Raphael anakweza mawu kuti a pamzere amve kuti pali munthu amene akulamula banki. "Mwini wake anamwalira Lolemba. Tamuika dzana. Bokosi ndinagula ndine."

Mayi wina pamzere anati pepani. Suzgo anatsegula envulopuyo, n'kuwerenga, n'kulemba pa kompyuta. Anatenga cheke m'kabati, anachimenya chidindo. Zonsezi zinatenga nthawi yochepa kuposa kutakasa shuga mu tiyi.

"Chabwino," anatero a Raphael, akukhala bwino pampando. "Tsopano ndalamazo mupereke kwa ine. Ndine mutu wa banja."

"Ndalama ziti?"

"Za mng'ono wanga."

"Akauntiyi yatsekedwa, bambo. Mwaitseka ndinu. Palibe angatengemo kanthu mpaka atabwera ndi makalata a kwa DC kapena a kukhoti, ndipo kumeneko amayamba afunsa za mkazi wa malemu." Anawabwezera chiphaso. Zotsatirazo sankayenera kunena, koma ananena. "Poti mumakonda zinthu zapoyera: mukadzabwera ndi makalatawo mudzapeza kuti malemu ndi amene ali ndi ngongole kwa ife. Za esiteti zikalowa, tiyamba ife kutenga. Ndipo lole ija musagulitse. Ndi chikole chathu."

"Ndikufuna kuonana ndi a manejala."

"Ali ku Blantyre. Wotsatira!"

A Raphael anakhala nthawi pa siteji, akudya banzi louma, njinga zamoto zikuwadutsa. Pofika kumudzi nkhani inali itapsa. Anaikamba pakhonde pomwe paja, jekete asanavule.

"A manejala agwetsa misozi. Akuti, 'A Namakhwa, akauntiyi tsopano ili m'manja mwanu. Pepala lililonse la malemu, mukangoonekera inu, tilipira.' Kungoti zinthu za ku banki zimayenda ndi dongosolo, si za pamsika."

Anaikambanso pa chigayo, anaikamba kutchalitchi mkulu wa mpingo akumva, ndipo anaikamba kwa Ben wa katapila, amene anawawonjezera sabata ina pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Pofika Lolemba, misozi ya a manejala inali itanyowetsa mpango wonse.

Eneless anamva nkhaniyo kudzera pazenera, ndipo kwa masiku angapo anadzilola kuganiza kuti mwina cheke chinadutsa a Raphael asanafike kutsogolo kwa mzere. Mizere ya ku banki ndi yaitali. Usiku ankapapasa malata kuseri kwa bedi kuti amve kuzizira kwake.

Lachiwiri kunabwera a Fainess. Analowa ngati odzapepesa, analira pang'ono pakhomo monga mwa mwambo, n'kuponya kandalama m'mbale. A Jean anali atapita kukaona mbuzi za malemu, zimene anali atayamba kale kuzitchula kuti zawo. A Fainess anatsegula chikwama n'kuika cheke pamphasa.

"Saini yokongola chonchi," anatero, "aiponda ndi chidindo."

Eneless sanachigwire. "Sichinadutse."

"Ndapitako kawiri, chemwali. Akuti abale anabwera okha kudzanena, Lachisanu lomwelo. Akanangochedwa mpaka masana, bwenzi pano tikukamba zina."

"Mundipatse miyezi itatu. Tomato wa m'dimba watsala pang'ono."

"Tomato." A Fainess anapuma mozama ngati munthu amene akumva chisoni chenicheni, ndipo mwina ankamvadi. "Pali a manejala ena atsopano pa esiteti, ochokera ku Lilongwe. Akufuna pomanga nyumba ya alendo. Ndalama amayenda nazo m'galimoto, sizidikira Lachisanu. Mwana wanga akufuna ndalama ya ulendo wa ku Joni. Ndichite bwanji?"

"Nanga theka lija tinapereka?"

"Mwalimapo zaka ziwiri. Chimanga munakolola, nandolo munakolola. Tiyese kuti munabwereka munda."

"Theka la mtengo wa malo, kubwereka?"

"Pepala lili kuti? Ndinawauza amuna anu kuti tilemberane pamaso pa mboni. Anandiseka, akuti cheke chawo ndi pepala lokwana, za kulemberana n'za anthu osakhulupirika." Anatseka chikwama. "Nandolo ali m'mundamo mutume munthu akathyole sabata ino. Ine si munthu woipa."

Eneless anayang'ana chidindocho, chofiira, chopingasa pa dzina la mwamuna wake.

"Mawu awa akuti chiyani?"

"Akuti wosayina anamwalira. Mtsikana wa pabankiyo wandiuza kuti cheke cha amuna anu tsopano n'choyatsira mbaula."

"Chilichonse?"

"Chilichonse."

"Mwauzapo wina?"

"Ndiuze ndani? Manyazi ake ndi anga omwe, kusunga pepala miyezi yonseyi ngati ndasunga ndalama."

Atapita, Eneless sanalire. Misozi ya pamaliro inali itamuthera, ndipo ya malo inalibe mwambo wake. A Jean atabwerako anamupeza atakhala momwe anamusiyira, ndipo anamudzudzula kuti alendo akabwera aziwapatsa madzi.

Tsiku lometa ndi kusudzula linali Loweruka. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, amuna pamipando, amayi pamphasa. Panali ankhoswe a mbali zonse, mkulu wa mpingo ndi Baibulo lake la zipi, ndi Isake, mlongo wa Eneless, amene anachokera ku Thekerani ndi nsapato zobwereka ndipo ankangoyang'ana nsapatozo. Ben wa katapila anabwera osaitanidwa n'kukhala kutsogolo.

Lumo litadutsa m'mitu, katundu anatulutsidwa pabwalo. A Jean anatenga kabati, bedi ndi mbuzi. Wailesi inapita kwa mdzukulu wina amene sanaonekepo malemu akudwala. Makiyi a lole anaperekedwa kwa a Raphael anthu akuomba m'manja, ndipo iwo anawalandira ngati munthu amene wapatsidwa mwana wa mnzake kuti amugwirire. Eneless anamusiyira ndowa, mapoto awiri ndi zovala zake. Ankhoswe akuchimuna anaika kandalama m'mbale n'kunena mawu ake: kuti mayiwa ndi omasuka, apite kwawo ndi mtendere, akafuna kukwatiwa palibe woletsa.

Kenako a Raphael anaimirira n'kukonza jekete.

"Pali kankhani kamodzi kotsala. Bokosi limene mng'ono wanga wagonamo ndinagula ndine, pa ngongole. Ndi K480,000 pamodzi ndi galimoto ya maliro. Thukuta la malemu anadya ndi alamu athuwa, zaka zonsezi, okha, popanda mwana wowathandiza kudya. Ndiye ndi bwino kuti bokosi la amuna awo agule ndi iwo."

Amayi ena anayang'anizana. Isake anatsokomola.

"Mwina tikambirane," anatero.

"Takambirana kale. Ngati ndalama palibe, pali malata."

Anyamata awiri anali atawatulutsa kale, n'kuwatsamiritsa pa khoma la nyumba, akunyezimira. Malo anali atapita. Chimene chinatsala kwa Eneless chinali malatawo, ndi lonjezo la chemwali wake wamkulu loti akabwera ndi denga lake, amulola kumanga kachipinda kuseri kwa khola. Popanda denga, akanakagona kukhitchini ndi ana a eni.

"Malata aja ndinagula ndi tomato wanga," anatero Eneless.

"Tomato wolimidwa ndi feteleza wa ndani?" anafunsa a Jean.

Mkulu wa mpingo anatsegula zipi ya Baibulo n'kuitsekanso. Ankhoswe akuchikazi anayang'ana Isake, Isake anayang'ana nsapato.

Eneless anagwada, mutu wometa uli pansi. "Ngongoleyo ndavomera," anatero. "Amuna anga sangagone m'bokosi langongole. Ndilipira lero, pamaso panu."

Anamasula mfundo ya chitenje m'chiuno n'kutulutsa buku la macheke. A Jean anali atalifuna sabata yonse, m'masutikesi, m'denga, mpaka m'thumba la ufa. Sanalipeze chifukwa Eneless ankalikhalira pamphasa. Eneless analitsegula, ndipo amene anali pafupi anaona kuti tsamba lililonse lotsala linali losayinidwa kale. Amosi ankasayina buku lonse tsiku lomwe walilandira, atakhala pakhonde, odutsa akuona, chifukwa tsamba lopanda dzina lake linkamumvetsa chisoni.

"Abambo a mpingo, mundibwereke bolopeni."

Analemba pabondo, pang'onopang'ono, monga ankalembera maso a Amosi atayamba kufooka. Dzina lonse la a Raphael, ndalamazo m'manambala ndi m'mawu. Anthu ankangomvetsera bolopeni.

"Ndalemba K500,000," anatero. "Yapamwambayo ndi ya njinga yamoto ya Lachisanu lija. Munavutika, alamu, kulawirira ndi chiperoni chifukwa cha ife."

A Raphael sanasunthe.

"Ine ku banki sangandimvere, ndine mkazi wa kudimba," anapitiriza Eneless, akulankhula kwa ankhoswe. "Koma alamu anatiuza kuti pepala lililonse la malemu, akangoonekera iwo, limalipidwa. Kapena ndinamva molakwa, poti ndinali m'nyumba?"

"Anatero," anayankha mkulu wa mpingo, mosangalala kuti papezeka funso loti angayankhe. "Ndinalipo."

"Anatero," anavomera amuna a pakhonde aja.

"Ngakhale kwa ine anatero," anatero Ben, akumwetulira. "Lolemba tipitira limodzi, bwana. Ya njinga ndilipira ine, tikaone a manejala athuwo."

"Landirani, achimwene," ananong'ona a Jean, mokweza. "Malata tichita nawo chiyani? Ndalama ndiye yogawika."

A Raphael anayang'ana malata. Anayang'ana Ben, amene ankadziwa bwino khola la nkhumba zawo ndi njira yake. Anayang'ana mabenchi odzaza anthu amene kwa sabata yathunthu anawamwetsa tiyi wa a manejala. Mawu oona anali ochepa, akanakwana mpweya umodzi: akauntiyo ndinatseketsa ndine, mulibe kanthu, pepalalo ndi lachabe. Koma akanawanena Ben ali pomwepo, a Jean ali pomwepo, ndiponso akanafunika kufotokoza chimene anapitira ku banki Lachisanu. Lolemba linali kutali. Pakati panali Lamulungu lathunthu, ndipo munthu akhoza kudwala malungo.

"A Namakhwa," anatero nkhoswe wakuchikazi, amene mawu anali atamubwerera, "tinene pamaso pa anthu. Mukalandira chekechi, ngongole ya bokosi yatha, malata ndi a mayiwa. Tatero?"

"Tatero."

"Sitinamve kumbuyo kuno," anatero mayi wina wothyola tiyi.

"Ndati yatha!"

Isake anadzuka msangamsanga, mwina kuopa kuti asintha maganizo, n'kuyamba kumanga malata ndi chingwe cha njinga. A Raphael anatambasula dzanja.

Eneless anang'amba tsambalo bwinobwino, motsata timabowo. Analikweza pafupi ndi milomo n'kuuzira pa inki, ngakhale inali ya bolopeni youma kale. Kenako anapereka ndi manja awiri, atagwada. A Raphael anagwira mbali yawo n'kukoka, koma pepalalo silinabwere. Anakokanso pang'ono. Eneless anangowayang'ana, akudikira, zala zitapana ngodya ya cheke.

Odula mitengo awiri amene anakhala kumbuyo anagundana zigongono. Ankazidziwa zimenezi. Amosi sankasiya cheke mpaka wolandira atathokoza, ndipo kamodzi sikankamukwanira.

"Zikomo," anatero a Raphael.

Eneless anadikirabe.

"Zikomo kwambiri, alamu."

Anachisiya.